Kuchokera pa Kasungu kukakhala patebulo la alendo: kapitidwe ka ku msonkhano wa masewera a nthano ndi madayisi

Loweruka lililonse dzuwa likapendeka timakumana anthu asanu pakhonde la nyumba yanga kuno ku Kasungu. Tebulo lake ndi lomwe lija ndimachongerapo makope a ana asukulu. Pakati timayala pepala lalikulu lojambulidwa timabokosi, zitsekerero za mabotolo zimaimira anthu athu, nyemba zimaimira adani, ndiye ine ndimayamba kusimba. Nthano za agogo zinkayamba ndi "padangotero", ife n'kuvomera kuti "tili tonse", kenako n'kumangomvetsera mpaka Kalulu atapulumuka. Kuno womvera aliyense ali ndi mtengambali wakewake. Amamulankhulira, amamusankhira chochita, ndipo pakafika poti chinthu chingatheke kapena kukanika, imagamula ndi dayisi. Awa ndiwo masewera omwe eni ake amati tabletop role-playing game, mwachidule RPG.

Tinasewera zaka ziwiri tisanaonepo munthu wina akusewera pamaso pathu. Malamulo tinkawerengera pafoni. Dayisi ya mbali 20, yomwe ndiye mtima wa masewerawa, sinkapezeka m'sitolo iliyonse yomwe ndinalowa pa boma pano, choncho tinadula timapepala 20, n'kulembapo manambala, n'kumatola m'chipewa. Zinkayenda, koma mumtima ndinkafunitsitsa kuona mmene anthu odziwa amachitira. Patchuthi china ndinakonza ulendo wokaona achemwali anga ku Johannesburg, ndipo masiku ndinawasankha dala kuti agwirizane ndi msonkhano wa masewerawa. Chibwerere anzanga angapo, ena a ku Mtunthama ena a ku Santhe, akhala akundifunsa kuti munthu amayambira pati. Ndalemba izi poyankha iwowo.

Chachikulu chimene ndinabwera nacho n'chakuti kumsonkhanoko mukupita kukakhala pansi. Zoona ndi maso n'zambiri ndipo zimakoka, koma chimene simungachipeze pa YouTube ndi maola anayi patebulo limodzi ndi anthu omwe simunawaonepo, mukuluka nawo nkhani imodzi. Ulendo wonse, kuyambira pasipoti mpaka juzi, uyenera kukonzedwa moteteza maola amenewo.

Msonkhano wake ndi wotani

Taganizani holo yaikulu kuposa ya sukulu iliyonse yomwe mukuidziwa. Mbali ina kuli ogulitsa mabuku, madayisi ndi tizidole toimira atengambali. Mbali ina kuli matebulo ozungulira, lililonse lili ndi nambala, ndipo pa lililonse pali munthu mmodzi woyendetsa nkhani, amene amatchedwa GM, ndi osewera anayi mpaka asanu ndi mmodzi. Tsiku limagawidwa m'zigawo, kawirikawiri za maola anayi: cham'mawa, chamasana, nthawi zina ndi chausiku. Nkhani iliyonse imayamba n'kuthera m'chigawo chomwecho, osati ngati zathu zapakhonde zimene zimatenga miyezi.

Mwambowu ndi wakale kuposa masewera amene. Gary Gygax anaitanitsa msonkhano woyamba wa Gen Con mu 1968 m'tauni yaing'ono ya Lake Geneva ku Wisconsin, m'dziko la America, ndipo kunabwera anthu pafupifupi 100 okonda masewera a nkhondo apatebulo. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1974, iyeyo ndi Dave Arneson anatulutsa masewera a RPG otchedwa Dungeons & Dragons. Gen Con inasamukira ku Indianapolis mu 2003, imatenga masiku anayi, ndipo masiku ano imasonkhanitsa anthu oposa 70,000. Ku Birmingham, ku England, kuli UK Games Expo. Kumeneko n'kofuna viza ndi ndege, ndipo pa malipiro a uphunzitsi ine sindinakuikeko mtima.

Kwathu kofikirika ndi ku South Africa. Ku Johannesburg kuli ICON, msonkhano wakale wa anthu amasewera apatebulo, komanso Comic Con Africa yomwe inayamba mu 2018. Ku Cape Town kuli Dragonfire, yomwe imakonzedwa ndi kalabu ya masewera ya ophunzira a pa University of Cape Town. Misonkhanoyi si yofanana. Comic Con Africa ndi yaikulu ndi yaphokoso, ndipo gawo lalikulu ndi la makomiki, masewera a pakompyuta ndi anthu ovala ngati atengambali a m'mafilimu. Matebulo a RPG ndi kachigawo chabe. Misonkhano yaing'ono imakhala ndi zoonetsa zochepa koma kusewera kochuluka. Masiku ndi malo zimasintha chaka ndi chaka, choncho musanagule tikiti ya basi tsegulani tsamba la msonkhanowo kapena Facebook yawo, mufufuze ndandanda ya matebulo a RPG. Mukaona kuti ndandandayo palibe, alembereni muwafunse. Safunsa anadya phula.

Yambani ndi kunyumba

Izi anthu akunja sangakuuzeni, koma kwa ife n'zofunika. Nditauza amayi anga za ulendowu anakhala chete kanthawi, akusenda mtedza, kenako anati, "Aphunzitsi athunthu, mpaka ku Joni kukatchova juga?" Sindinawadabwe. Kwathu kuno dayisi ikagubuduka patebulo, anthu amaona ndalama ikupita. Ena akamva kuti m'nkhanimo muli zilombo ndi amatsenga amaganiza zoopsa kuposa pamenepo, ndipo ku America komwe m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina anachita nawo mantha masewerawa chimodzimodzi.

Musatsutsane nawo. Aonetseni. Loweruka lotsatira ndinawapempha amayi kuti akhale pamphasa pafupi ndi tebulo. Anaona kuti palibe tambala yomwe inasintha manja, palibe wopambana mnzake, ndipo tsikulo nkhani yonse inali ya anthu asanu ofunafuna ng'ombe za mudzi zimene zinabedwa. Titamaliza anati, "Ndiye ndi nthano basi, koma nonse mukusimba." Anandilongedzera okha ufa woti ndikapatse achemwali. Ngati muli pabanja, kapena muli ndi udindo kumpingo, chitani zimenezi mwezi wa ulendo usanakwane, kuti musanyamuke anthu akunong'onezana kumbuyo.

Njira

Mmalawi wokhala ndi pasipoti safuna viza kuti akacheze ku South Africa kwa masiku osapitirira 30. Onani kuti pasipotiyo siinatsale pang'ono kutha ndiponso ili ndi masamba opanda chidindo. Pachipata yang'anani tsiku lomwe akulemberani, ndipo musalipitirire ngakhale ndi tsiku limodzi, chifukwa wopitirira amaletsedwa kulowanso kwa nthawi. Sindikizani papepala tikiti ya msonkhano, tikiti yobwererera ndi adiresi ya kumene mukafikire. Foni imatha moto panthawi yomwe mukuifuna.

Ine ndinayenda pansi. Kuchoka pa depoti ya Kasungu ndi minibasi, kudutsa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, makilomita pafupifupi 130 kukafika ku Lilongwe. Kuchoka apo basi yaikulu inatulukira pachipata cha Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, kuwoloka Limpopo pa Beitbridge, mpaka pa Park Station ku Johannesburg. Werengerani masiku awiri, ndipo nthawi yambiri yosayembekezeka imathera pazipata. Choncho fikani kutatsala tsiku lathunthu, kapena awiri, kuti msonkhano uyambe. Munthu amene wagona pampando wa basi usiku wathawu sangatsatire nkhani ya maola anayi m'Chingerezi. Amene thumba likulola, ndege yochokera pa Kamuzu International Airport imatenga maola osakwana atatu.

Matikiti a msonkhano amagulitsidwa pa intaneti ndi khadi la kubanki, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kuno. Chophweka n'kupempha wachibale amene ali konko akugulireni, akutumizireni pa WhatsApp, inu mudzapereke makwacha kwa amene iye wakuuzani kumudzi. Alamu anga anatero. Marandi oyendera sinthani m'malo ovomerezeka musananyamuke, osati kwa anyamata okuthamangirani pachipata. Patulani padera ndalama ya ulendo wobwerera ndipo muiiwale kuti ilipo.

M'chikwama cha tsikulo muikemo mapensulo awiri, labala, kope laling'ono, botolo la madzi, pawa banki ndi juzi. Pakati pa June ndi August kuzizira kwa m'mawa ku Johannesburg kumaluma kuposa kwa ku Dedza, ndipo maholo aakulu satentha msanga. Mapulagi athu ndi a mano atatu amakona, awo ndi a mano obulungira, ndiye gulani adaputa tsiku lomwe mwafika. Mabuku a malamulo musanyamule. Madayisi ngati mulibe, musade nkhawa, patebulo adzakubwerekani.

Mmene ndinatayira m'mawa woyamba

Ndinalowa pakhomo cha m'ma 9 koloko, atandimanga kachingwe kapepala padzanja. Kutsogolo kwanga kunali tebulo lodzaza madayisi, a mitundu yonse, ena owala ngati mikanda. Ndinaima. Kenako ndinapita pa lina, kenako pa lina, ndikutsegula mabuku omwe ndinkangowaona pazithunzi. Pamene ndinkafika pamalo olembetsera masewera, mapepala onse a chigawo cham'mawa anali atadzaza maina, ndipo matebulo anali atayamba kale. Ndinayenda makilomita onse aja n'kukhala maola anayi ndikuonerera misana ya anthu. Zinandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawabe.

Ndiye inu chitani motere. Ngati msonkhano ukulola kulembetsa matebulo pa intaneti pasadakhale, lembetsani tsiku lomwelo lomwe atsegula. Ngati kulembetsa n'kwa pakhomo, mukangolowa funsani amene avala malaya a ogwira ntchito kuti malo olembetsera RPG ali kuti, mupite molunjika, maso kutsogolo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ogulitsa aja sachoka, adzakhalapo mpaka tsiku lomaliza.

Posankha tebulo werengani kapepala kofotokoza. Kamanena dzina la masewera, nthawi, chiwerengero cha mipando, msinkhu woyenera, komanso ngati akulandira oyamba kumene. Funani pamene alemba kuti atengambali ndi okonzeratu, mawu ake amati pregens, chifukwa pamenepo simufunika kubwera ndi chilichonse. Palinso matebulo a magulu okhazikika monga Adventurers League ya Dungeons & Dragons ndi Pathfinder Society ya masewera ena otchedwa Pathfinder, kumene anthu amabwera ndi mtengambali yemwe akhala akumukulitsa kwa nthawi. Nawonso amalandira alendo, koma sankhani tebulo la atengambali a level yoyambirira, ndiko kuti ongoyamba kumene. Mukapeza ponse padzaza, musachoke monga ndinachitira ine. Lembetsani pamndandanda wa odikira ndipo muime pafupi nthawi yoyambira ikamakwana, chifukwa sipalephera wina amene sanabwere.

Musadzaze zigawo zonse. Masewera awiri patsiku ndi okwanira.

Patebulo

Fikani kutatsala mphindi 15. Kumeneko 2 koloko ndi 2 koloko, ndipo mpando wa wochedwa amaupereka kwa wodikira. Perekani moni, nenani dzina lanu, ndipo muuzeni GM poyera kuti aka n'koyamba kusewera pamsonkhano. Ine nditanena kuti ndachokera ku Malawi pabasi, mayi amene ankayendetsa tebulo lathu anasuntha mpando kuti ndikhale kudzanja lake lamanja, kumene akanatha kundilozera papepala popanda kuimitsa nkhani.

Adzayala mapepala a atengambali kuti musankhe. Ngati masewerawo simukuwadziwa bwino, tengani wankhondo wamba, chifukwa amatsenga amakhala ndi zowerenga zambiri. Papepalalo musayese kumvetsa zonse. Pezani zinthu zitatu: armor class, nambala imene mdani ayenera kuifikira kuti akupwetekeni, hit points, moyo umene mwatsala nawo, ndi timanambala tokhala ndi chizindikiro chophatikiza pafupi ndi maluso anu. Mu Dungeons & Dragons pafupifupi chilichonse chimayenda motere: mwanena chimene mukufuna kuchita, GM wakuuzani luso loyenera, mwaponya dayisi ya mbali 20, mwaphatikiza kanambala kanu. Chinthu chophweka chimafuna 10, chapakati 15, chovuta 20. Mukamva mawu oti initiative, ndiye kuti nkhondo yayamba ndipo mukuponya kuti mudziwe woyamba ndani. Mukamva saving throw, chinthu choipa chikukugwerani ndipo mukuponya kuti muchizembe. Pindani kapepala, mulembepo dzina la mtengambali wanu ndi zilembo zazikulu, muimike patsogolo panu.

Kapepala kameneko kanandithandiza pa chinthu china. Moyang'anizana nane panakhala bambo a imvi, a msinkhu wa malume anga, ndipo anandiuza kuti ndizingowatchula dzina lawo loyamba. Lilime linakana. Ndinapeza njira yowatchula dzina la mtengambali wawo, ndipo patebulo la RPG umenewo ndiwo mwambo wake kale.

Tsopano pano ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene ife timagwa. Tinaleredwa kuti pagulu la alendo ndi akuluakulu umayamba wamvetsera, sulowerera mawu a munthu, umadikira akupatse mpata. Ndi khalidwe labwino ndipo sindikunena kuti mulitaye. Koma patebulo lija anthu amalankhula mothamanga, ndipo ukadikira kuti akuitane katatu, maola anayi atha usanatsegule pakamwa. Ola loyamba lonse ine ndinangoponya dayisi pamene andiuza.

Mtengambali wanga anali wansembe wochiritsa, wa mtundu wa anthu aafupi a ndevu omwe m'masewerawa amati dwarf. Nkhani inatifikitsa pamudzi wina pamene chitsime chinaipitsidwa, ndipo mkulu wa mudziwo anakana kutilowetsa. Anyamata awiri a ku yunivesite amene tinali nawo anayamba kukambirana zomuopseza ndi lupanga. Bambo a imvi aja ankafuna kumupatsa ndalama. Mumtima mwanga ndinaona kuti onsewo akulakwitsa, chifukwa palibe amene amafika kwa nyakwawa ataimirira n'kuyamba ndi chimene wadzera. Ndinakweza dzanja pang'ono, ndipo GM anatembenuka. Ndinati munthu wanga wavula chisoti, wakhala pansi chapatali, wawomba m'manja, ndipo akufunsa kaye mmene mudzi wadzukira, ana ali bwanji, mvula inagwa bwanji chaka chino. Za chitsime sanatchule.

Tebulo linakhala zii. Mayi uja anaika pensulo pansi, n'kusintha mawu kukhala a nkhalamba, n'kuyamba kundiyankha za mvula. Tinacheza choncho mwina mphindi ziwiri. Kenako anati ndiponye luso lokopa anthu, ndipo chifukwa cha mmene ndafikira, ndiponye madayisi awiri n'kutenga yaikulu, lamulo lomwe amati advantage. Ina inagwa pa 4, ina pa 16. Kuphatikiza 1 wanga, 17. Ankafuna 15. Nkhalamba ija inatitsegulira, n'kutiuzanso chinsinsi chimene lupanga silikanatulutsa. Kuyambira pamenepo, tikakumana ndi munthu aliyense m'nkhanimo, anzanga aja ankatembenukira kwa ine.

Malamulo ankawadziwa kuposa ine kutalitali. Koma kafikidwe ka pakhomo pa munthu, kapepesedwe pamaliro, kanenedwe ka mlandu pabwalo, kayendedwe ka usiku m'njira ya m'munda, zimenezi inu mukuzidziwa ndi thupi lanu, ndipo patebulo ndi chuma. Dziikireni lamulo loti theka la ola loyamba lisanathe mukhale mutanena chinthu chimodzi chimene mtengambali wanu akuchita mwa kufuna kwake. Simufunika kusintha mawu ngati wa zisudzo. Kungoti "munthu wanga akuyang'ana pansi pa bedi" n'kokwanira.

Chingerezi chawo n'chothamanga ndipo muholo mumakhala phokoso. Mukaphonya mawu, pemphani abwereze. GM wabwino amakondwa ndi funso kusiyana ndi wosewera amene watayika mwakachetechete. Lembani m'kope maina a anthu ndi malo a m'nkhanimo pamene akutchulidwa.

Mukazolowera kulankhula, kumbukiraninso kusiyira ena. Mukaona wina wakhala chete nthawi yaitali, mtengambali wanu amufunse wake maganizo. Musaponye dayisi GM asanakuuzeni, ndipo poponya iponyeni poyera, isiyeni pomwe yagwa mpaka aione. Madayisi ndi tizidole ta eni musagwire musanapemphe. Ena anatha masabata akupenta kachidole kamodzi. Foni ikhale m'thumba. GM akagamula mosiyana ndi mmene mumachitira kwanu, nenani kamodzi mwaulemu, akakana zisiyeni, mudzakambirane masewera atatha. Pamatebulo ambiri mudzaona khadi lolembedwa X pakati. Nkhani ikafika pa chinthu chimene chikukupwetekani mumtima, mwina imfa ya mwana inu mutangoika maliro, mumangoligwira khadilo ndipo GM amapatutsa nkhani popanda kukufunsani chifukwa. Ndinalikonda kwambiri khadi limeneli, ndipo pakhonde panga tsopano lilipo.

Za thupi ndinene mwachidule. Anthu a misonkhanoyi ali ndi kalamulo kawo ka 6-2-1: kugona maola asanu ndi limodzi, kudya kawiri, kusamba kamodzi, tsiku lililonse. Chakudya cha muholo n'chodula, choncho idyani mokwanira musanachoke kunyumba. Ine ndinatulutsa mtedza wokazinga kuti ndigawire tebulo, monga tichitira kuno, ndipo mtsikana wina anandipempha mwaulemu kuti nditseke chifukwa thupi lake limadana nawo moti akhoza kubanika. Funsani kaye musanatsegule. Pobwerera madzulo itanitsani galimoto ya Uber kapena Bolt muli m'kati mwa geti, kapena pemphani achibale adzakutengeni.

Tsiku lachiwiri: lawani zina, ndipo muziba luso

Ngati kwanu mumasewera Dungeons & Dragons, musathere msonkhano wonse pa yomweyo. Ine ndinakhala patebulo la Call of Cthulhu, masewera omwe anatuluka mu 1981, mmene atengambali ndi anthu wamba ofufuza zinthu zoopsa, ndipo kumenyana nthawi zambiri ndi njira yofera msanga. Kawerengedwe kake n'kophweka moti mwana wa Sitandade 6 angamve: luso lanu ndi nambala, tinene 60, mwaponya madayisi awiri a mbali 10 kuti apange nambala ya pakati pa 1 ndi 100, ikagwa pa 60 kapena kutsika mwakhoza. Funaninso matebulo a timasewera tating'ono tomwe malamulo ake amakwana patsamba limodzi ndipo timangofuna dayisi ya mbali 6. Kwa ife amenewo ndi golide, chifukwa dayisi ya ludo imapezeka pamsika uliwonse kuyambira Nkhamenya mpaka Chinkhoma.

Ngati inu ndi amene mumayendetsa nkhani kwanu, theka la maso anu likhale pa GM. Ine ndinkalemba m'mphepete mwa kope zimene mayi uja ankachita. Anaika wotchi patsogolo pake. Ola lachitatu litakwana tisanafike pomwe ankafuna, anadumpha chipinda china chonse ife osazindikira, ndinadziwa pambuyo pake nditamufunsa. Ankazungulira tebulo ndi funso loti "nanga inu mukutani?" kuti aliyense amveke. Dayisi ikakana, sankangoti zakanika. Ankati chitseko chatseguka koma alonda amva. Masewera atatha ndinamuthokoza ndi kumufunsa mafunso awiri, ndipo anandipatsa mapepala a nkhani yonseyo kuti ndipite nawo. Ambiri mwa anthu oyendetsa matebulowa ndi ongodzipereka, choncho mawu othokoza amawafika pamtima.

Zogula zisiyireni tsiku lomaliza. Choyamba ndi madayisi. Paketi imodzi imakhala ndi asanu ndi awiri: ya mbali 4, 6, 8, 12, 20, ndi awiri a mbali 10. Musatengeke ndi onyezimira. Sankhani oyera a manambala akuda, kapena akuda a manambala oyera, chifukwa mudzawawerenga pakhonde madzulo magetsi atazima. Mapaketi atatu otchipa amaposa imodzi yokongola, popeza kwanu akudikira ndi anthu asanu. Mabuku aakulu ndi odula ndi olemera, ndipo malamulo oyambira a Dungeons & Dragons amapezeka mwaulere pa intaneti. Ngati ndalama yatsala ya buku limodzi, gulani la masewera amene mwawasewera konko n'kuwakonda, osati amene chikuto chake chakukopani. Tizidole ndinasiya; zitsekerero zathu zimakwana bwinobwino m'timabokosi ta inchi imodzi, ndipo kabokosi kamodzi kamaimirabe mtunda wa mafiti asanu kaya pakhala chidole kaya nyemba.

Tengani manambala a WhatsApp kapena maina a pa Discord (pulogalamu yochezera pa intaneti) a anthu awiri atatu amene mwagwirizana nawo. Bambo a imvi aja mpaka pano amanditumizira nkhani zazifupi zoti ndiyese.

Mukabwerera

Pabasi yobwerera, pakati pa Beitbridge ndi Harare, ndinatulutsa kope n'kulemba zonse ndisanaiwale: mmene nkhani inayambira, pamene tinaseka, pamene tinatopa, mawu amene GM ankagwiritsa ntchito. Inunso lembani musanafike pa Dedza, chifukwa mukangolowa m'nyumba ntchito ndi moni wa abale zidzakwirira zonse. Ndipo musadikire mwezi. Loweruka loyamba lomwelo yendetsani nkhani imene mwabwera nayo, m'Chichewa, mayina a midzi ndi anthu muwasinthe akhale akwathu.

Ine ndinakhuthula madayisi aja patebulo chipewa chija chili pambali, ndipo mphwanga wa Fomu 3 anatenga ya mbali 20 n'kuizunguza m'manja nthawi yaitali asanaiponye. Kuyambira tsikulo timayamba 2 koloko n'kumaliza 6 koloko, wotchi ili patsogolo panga. M'kabati ndimasunga mapepala anayi a atengambali okonzeratu, ndipo ndinawonjezera mpando wachisanu ndi chimodzi wa aliyense wofuna kulawa. Mwezi watha unakhalidwa ndi mnyamata wa kabaza amene anabweretsa mmodzi wa osewera athu n'kuima pamsewu akumvetsera. Ndinamupatsa wankhondo wamba, ndinamukhazika kudzanja langa lamanja, ndipo theka la ola lisanathe ndinamufunsa kuti, "Nanga inu achimwene, munthu wanu akutani?" Anayang'ana papepala, n'kuyang'ana nyemba zitatu zimene zinatsekereza mlatho, n'kunena kuti akufuna adziwe kaye ngati mtsinjewo uli ndi powolokera pena kumunsi.